Kwawo kwa Apongozi a Chiukepo

Chiukepo Mhango ndinamudziwa mu 1982 ku yunivesite ya Aston, mumzinda wa Birmingham, tonse tili pasukulu. Ine Patson wa ku Dedza ndinkaphunzira zamankhwala, iye wa ku Rumphi zauinjiniya. Munthu wosakhazikika ngati ameneyu sindinamuonepo. Akakhala pampando mwendo unkangonjenjemera, tiyi ankamusiya theka, ndipo basi ikachedwa mphindi zitatu ankauyamba wapansi kulowera ku siteji ina, basiyo n'kumudutsa ali pakati. Kwathu timaseka Atumbuka kuti amabadwa atapanira fayilo kukhwapa. Chiukepo sanatitsutse pa zimenezi ngakhale tsiku limodzi.

Atamaliza sukulu anapeza ntchito ku Oldbury, pa kampani yopanga zitsulo za galimoto, ndipo komweko anapeza Helen Hadley, kalaliki wa pa ofesi. Ukwati unali mu 1986. Poti amalume anali kutali, unkhoswe unagwera ine, mnyamata amene ndinali ndisanafunsirepo n'komwe. Achibale a malemu mayi ake a Helen ambiri sanabwere. Chifukwa chake simufunika kuuzidwa. Koma bambo ake, a Albert, anafika atavala suti yonunkha mankhwala a njenjete, anamugwira Chiukepo paphewa, n'kunena kuti, "Loweruka ubwere kudimba. Ndikufuna ndione ngati umatha kugwira fosholo."

A Albert anagwira ntchito zaka makumi anayi m'fakitale yosungunula zitsulo, ndipo anatulukamo ndi chifuwa cholira ngati chitseko chakale. Anali ndi kadimba kobwereka ku khonsolo, m'mbali mwa ngalande, komwe ankalima kabichi, anyezi ndi nyemba. Loweruka lililonse awiriwo ankakhala kumeneko, wina wosayankhula, wina wosatseka pakamwa. Ankagwirizana modabwitsa. Chiukepo ankawatchula kuti Dad, ndipo sanali mawu a mwambo chabe.

Mu 1989 bambo ake omubereka anamwalira ku Rumphi. Masiku amenewo kumudzi zinthu sizinali bwino, ndipo mwana wasukulu amene anakhalitsa kunja, pakamwa pali ngati pa Chiukepo, sankangokwera ndege. Uthenga unamupeza pa kalata, maliro ataikidwa kale masabata atatu. Kulira analira, koma chimene chinkamudya kwambiri chinali china. Iye ankatha kutchula makolo ake mibadwo isanu ndi iwiri. Bambo ake ankadziwa khumi ndi umodzi. Ankati adzawafunsa akadzapita, ndiye mayina anayi analowa nawo m'manda.

Kuchokera pamenepo anayamba kuwavutitsa a Albert.

"Dad, kwanu n'kuti?"

"Kuno ku Oldbury."

"Ayi, kwanu kwenikweni. Kumudzi."

Za kuchimuna zinali zosavuta: a Hadley onse anali osula misomali cha ku Rowley, ndipo madalawo ankazifotokoza mosangalala. Koma akafunsidwa za mayi awo, ankangoti, "Dzina lawo anali Lily. Anali mayi wabwino," kenako n'kuwerama kuyamba kusaka mbozi m'kabichi.

Ine ndinamuuza. "Aise, azungu sakhala ndi midzi. Amakhala ndi ma address. Asiye madala."

"Palibe munthu amene anagwa kumwamba, Patson. Chest imene ija ukuimva iwe? Ndinu a pharmacist, you know better than me. Akapita, mwana wanga Zoe adzati kuchikazi kwawo n'kuti? Ndinalakwitsa kamodzi, sindibwerezanso."

Ndiye panali zina zimene maso a Mmalawi yekha akanaona. M'khitchini mwa a Albert munali mabeseni awiri, lina la mbale, lina la zovala, ndipo sankasinthanitsidwa zivute zitani. Kansalu kopukutira makapu sikankachapidwa limodzi ndi malaya. Tsiku lina galu wa aneba ananyambita mbale, madalawo anaiswa n'kuitaya mubini, mbale yabwinobwino. Helen ankati ndi ukhondo wonyanya umene anatengera kwa agogo aja a Lily. Chiukepo anakana. "Umenewu si ukhondo, ndi mwambo. Munthu ameneyu ali ndi zosala. Ali ndi mtundu."

Kumayambiriro kwa 1992 anagula fayilo yabuluu n'kukwera masitepe a laibulale yaikulu ya mu Birmingham. Kumtunda kwake kunali chipinda cha makina oonera mapepala akale ojambulidwa pa filimu, kumene kunkadzaza azungu opuma pa ntchito, aliyense akusaka agogo ake. Chiukepo anali wakuda yekha, ndipo anali yekhanso amene ankasaka agogo a eni. Munthu wolephera kudikira basi uja ankatha maola asanu akupukusa chogwirira cha makina, maso ali psuu. Chondinyansa ine n'chakuti nthawi yake yochitira zimenezi inali Loweruka. Ankasiya nkhalamba yamoyo ikulima yokha, iye ali kalikiliki kufunafuna akufa.

Foni yanga ku Coventry inkalira pafupipafupi.

"Ndaitanitsa marriage certificate ya 1921, yafika. Lily Locke, bambo ake Noah Locke, occupation hawker. Wogulitsa zinthu khomo ndi khomo, aise. Koma ndachecka ma index onse a births, Lily Locke kulibe. Munthu anakwatiwa koma sanabadwe."

"Mwina anagwadi kumwamba."

"Usandiseke. Mawa ndikupita ku Smethwick kukaona ma register a tchalitchi."

Anazungulira. Smethwick, Dudley, Walsall, Lichfield, mpaka Worcester, galimoto yake yakale ikutsokomola ngati apongozi ake omwe. Ankapeza Noah Locke akubatizitsa mwana kuno, patapita zaka ziwiri wina uko, mtunda wa makilomita makumi asanu, ngati banja lothawa chinachake. Chiukepo ankaganiza kuti ndi anthu osiyana a dzina limodzi. Zinamutengera chaka ndi theka kuti apeze tsamba lenilenilo. M'kaundula wa ubatizo wa tchalitchi china cha ku Handsworth, chaka cha 1899, munali mwana wamkazi wa Noah Locke, dzina lake Lementina. Pamalo olemba kumene makolo akukhala, m'busa analemba kuti mu tenti, ku Black Patch. Atabwerera ku kalembera wa 1891 anapeza Noah yemweyo ali mnyamata, akukhala ndi makolo ake m'ngolo yokokedwa ndi hatchi, ntchito yawo kusema mapegi oyanikira zovala.

Mayi wa pa desiki ya ku laibulale ndiye anamumasulira. Anthu amenewa ndi Aromani, amene ambiri amawatchula kuti Ajipsi, mtundu woyendayenda wokhala ndi chiyankhulo ndi miyambo yawoyawo. Ku Black Patch, pakati pa Smethwick ndi Handsworth, kunali msasa wawo waukulu mpaka pamene anawathamangitsa mu 1909. Lementina, amene anadzasanduka Lily, anali ndi zaka khumi.

Chiukepo anabwera kwathu akuvina. "Ndinakuuza! Ali ndi mtundu, ali ndi language, ali ndi miyambo. Ndipo ndapitako, aise, pano ndi park, udzu ndi njanji basi. Taona." Anatulutsa botolo la jamu lodzaza dothi lakuda. Anali atatapa dothi la kwawo kwa apongozi ake.

Apa ndiyenera kuvomera mlandu wanga. Anandiuza kuti adzazipereka ngati mphatso pa phwando la zaka makumi asanu ndi awiri za a Albert, ndipo sanamuuze ngakhale Helen kuti zidzakome. Ine nkhoswe ndinati ndi nzeru yabwino. Tonse tinkaganiza Chimalawi: munthu ukamupezera mudzi wake wotayika, amakuphera mbuzi. Zikwangwani zoletsa anthu oyendayenda zinalipo pa zitseko za mabala ena, koma ife tinkazidutsa osaziwerenga. Tinali otanganidwa kuyang'ana ngati pali zonena za ife.

Phwando linali Lamlungu masana, mu Okutobala 1993, m'chipinda chakumbuyo cha kalabu ina ya anthu apantchito ku Oldbury. Munali anthu ngati makumi anayi: anzawo akale a kufakitale, aneba, achibale. Atadula keke, Chiukepo anaimirira ndi fulemu yaikulu ndi botolo lake lija. Anayankhula bwino, ndisaname. Anati kwathu munthu ndi makolo ake, anatchula Noah, anatchula Lementina, anatchula tenti ndi ngolo, n'kumaliza kuti, "Dad, ndinu Mromani. Ili ndi dothi la kwanu."

Ndinaomba m'manja. Ndinaomba katatu ndisanazindikire kuti ndikuomba ndekha.

Kenako bambo wina wonenepa, mneba wa zaka zambiri, anaseka n'kukuwa kuti, "Amayi, gwirani zikwama zanu. Werengani masipuni asanatuluke." Ena anaseka nawo, ena anayang'ana pansi. A Albert anaimirira pang'onopang'ono, anavala kapusi yawo, n'kutuluka, keke ili pambale. Helen anamuyang'ana mwamuna wake ndi maso amene sindikufuna mkazi aliyense adzandiyang'ane nawo, n'kuwatsatira bambo ake.

Chitseko cha a Albert chinatsekeka. Chiukepo akagogoda sankatsegula, akaimba foni ankaidula. Kudimba anasintha loko. Chisanu chitafika chifuwa chija chinakula, kawiri konse anagonekedwa m'chipatala, ndipo anauza anamwino kuti mkamwini asalowe. Helen ankapita yekha ndi Zoe, pobwera osanena zambiri. Anangomuuza kamodzi kuti, "Unandifunsa ine? Ndi agogo anga amene aja, si ako." Chiukepo anaonda. Akaweruka kuntchito ankadutsa mumsewu wa apongozi ake, kuzungulira, kudutsanso, osaima. Anandiuza kuti, "Patson, bambo wachiwiri akundifera ndili panja. Ulendo uno palibe boma limene landiletsa. Ndadzitsekera ndekha." Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinkadzimvera manyazi.

Mu Febuluwale Helen anandiimbira. "Pa ukwati wathu unanena kuti ntchito yako ndi kukonza zinthu zikawonongeka. Zawonongeka. Bambo sadzafika chilimwe china."

Ine njira yopepesera ndimadziwa imodzi yokha. Nkhuku yamoyo inasowa, ndiye tinagula yosula kale pamsika wa Bull Ring, n'kupita nayo m'jumbo. Helen anatitsegulira ndi kiyi wake. A Albert anali pampando pafupi ndi moto wa gasi, bulangeti m'miyendo. Tinagwada pa kapeti, amuna awiri a madigiri, nkhuku yozizira ili pakati. Ndinayankhula monga nkhoswe: mwana walakwa, sanafunse, wabwera kudzagwira mwendo.

A Albert anayang'ana jumbo lija. "Nkhukuyo ndi ya chiyani?"

"Ndi mwambo wa kwathu, bambo. Wolakwa sabwera chimanjamanja."

"Dzukani, mukundichititsa manyazi." Sitinadzuke. Anatsokomola, n'kuloza Chiukepo. "Iwe ukuganiza kuti ndinali nditaiwala? Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, agogo anga anabwera pageti la sukulu ndi dengu la mapegi, n'kundiitana dzina. Mawa lake aphunzitsi anandikhazika kumbuyo ndekha, anandipesa m'mutu kusaka nsabwe ana onse akuona. Chikasowa chilichonse m'kalasi, ankayamba ndi matumba anga. Tinasamuka nyumba kawiri. Mayi anandigwira khutu n'kunena kuti, usadzanene kwa munthu, ngakhale kwa mkazi wako. Ndinazisunga zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Iwe unazimwaza pa mphindi zisanu, pamaso pa anthu amene ndakhala nawo moyo wonse."

Chiukepo ankalira, misozi ikugwera pa jumbo. "Ndimayesa ndikukupatsani mphatso, Dad."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinakumenye." Anapuma movutikira. "Pa tsiku la ukwati wako, abale a mkazi wanga atakana kubwera, ukuganiza kuti ine ndinabwera chifukwa chiyani? Ndimadziwa mmene zimawawira anthu akamawerenga masipuni ukatuluka."

Kenako a Albert anafunsa funso limene sitinaliyembekeze. "Kwanu munthu akafa, katundu wake mumatani naye?"

Ndinayankha kuti zimatengera mtundu, ena amagawana, ena kale ankagwetsa ndi nyumba yomwe.

"Kwa amayi anga amawotcha. Zonse, kuti wakufayo apite osabwerera kudzazifuna. Anamwalira mu 1961. Anandisiyira sutikesi, anati ndikaiwotche yonse. Koma ndikanayatsa bwanji moto kuseri kwa nyumba, aneba ali pamawindo, mkazi wanga akufunsa? Ndinaibisa m'kanyumba kosungiramo zida kudimba. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndakhala ndikuiyang'ana Loweruka lililonse. Sindinagonepo tulo tabwino." Anamuyang'ana Chiukepo. "Tsopano aliyense akudziwa, palibenso chobisa. Koma manja angawa sangathe kunyamula. Loweruka ubwere ndi parafini."

Loweruka kunacha kozizira, kumwamba kuli mbuu. Tinawatengera kudimba pa njinga ya odwala, Helen akukankha. Chiukepo anatulutsa sutikesi yabulauni kuseri kwa matumba a feteleza, ine ndinasonkha moto mu mgolo wowotchera zinyalala. Atatsegula, munali shawelo yamaluwa, epuloni yakuda, kampeni kosemera mapegi, dengu lophwanyika, ndi nsapato. A Albert ankaloza, Chiukepo n'kumaponya pamoto chimodzichimodzi.

Pansi penipeni panali envelopu. Munali chiphaso chakale cha Noah Locke chomuloleza kugulitsa khomo ndi khomo, ndi chithunzi chimodzi chachikulu: ngolo yokongoletsedwa, hatchi yoyera, ndi anthu khumi ndi mmodzi ataima kutsogolo kwake, kuyambira nkhalamba ya ndevu mpaka kamtsikana kopanda nsapato. Kuseri kwake kunali mayina olembedwa ndi pensulo.

Ndinamuona Chiukepo akuuma. Zaka ziwiri za mafilimu, petulo, maso ofiira, zonse zinali zofuna chinthu chimenechi, ndipo chinali m'manja mwake. Ine ndine munthu wochimwa: ndinamutsinzinira diso n'kuloza thumba la jekete lake. Madalawo maso anali atafooka, sakanaona.

"Nachonso, Dad?" anafunsa Chiukepo. "Ku laibulale kuli makina, nditha kukachijambula Lolemba, n'kubwera nacho."

"Amayi anati zonse."



"Bwera nacho kuno," anatero a Albert. "Usawerenge kuseriko. Ndikuuza ndekha." Chiukepo anagwada pambali pa njinga. Chala cha madalawo chinayamba kuyenda pa nkhope. "Awa ndi Elijah, agogo awo a amayi. Awa ndi Sinfi, akazi awo. Uyu Noah. Uyu Mizelli, amene anabwera pageti la sukulu." Anapitirira mpaka pa kamtsikana kaja. "Uyu Lementina." Dzanja la Chiukepo linathamangira ku bolopeni ya m'thumba la malaya, koma a Albert analigwira. "Iwe suja umatchula makolo ako asanu ndi awiri popanda pepala? Bwereza."

Anabwereza. Analakwitsa, anamukonza, anabwerezanso, mpaka kanayi.

"Nanga mudzi, Dad? Kwanu kwenikweni ndi ku Black Patch kuja?"

A Albert anaseka mpaka kutsokomola. "Kuja anangokhalako mpaka tsiku limene anawachotsa. Mudzi kulibe, mwana wanga. Kwawo kunali pamene hatchi yaima. Dothi lako lija ukathire mu anyezi."

Chiukepo anaimirira, anachiyang'ana chithunzicho komaliza, n'kuchiika yekha pamoto. Chinapindika, hatchi inada, nkhope zinatha. Sanachotse maso mpaka chinasanduka phulusa. A Albert anatsamira kumbuyo n'kutulutsa mpweya wautali.

"Ndili moyo usawatchule kwa anthu," anatero. "Ndikafa, ukawatchule mokweza m'tchalitchi, onse amve. Pamenepo palibe amene adzandisamutsenso."

A Albert anakhala moyo miyezi ina isanu ndi umodzi. Loweruka lililonse Chiukepo ankalima, iwo ali pa njinga akumulangiza ndi ndodo. Fayilo yabuluu sindinaionenso. Helen ankadandaula kuti mwamuna wake wayamba kuyankhula yekha, pometa ndevu, potsuka mbale, poyendetsa galimoto, ndipo ankangomva manong'onong'o.

A Albert anamwalira mu Ogasiti 1994. Tchalitchi chinadzaza anthu omwe aja a paphwando, ndipo bambo wa masipuni uja anakhala mzere wachitatu, atavala tayi yakuda. Itakwana nthawi ya mbiri ya malemu, Chiukepo anapita kutsogolo manja ali lende, opanda pepala. Ananena kuti amene wagona apayu ndi Albert, mwana wa Lementina Locke, Mromani, ndipo anamutuma kuti atchule anthu ake. Anayamba: Elijah, Sinfi, Noah, Mizelli. Ankatchula pang'onopang'ono, munthu amene moyo wake wonse sanachitepo kanthu pang'onopang'ono. Palibe anaseka.

Pa dzina lachisanu ndi chinayi anaima. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Ndinaona thukuta pamphumi pake, ndipo ndinadziwa kuti dzina limenelo silinalinso lolembedwa paliponse padziko, ndipo mwini wake wolidziwa anali m'bokosi. Anabwerera kuyambira pa Elijah, anafikanso pomwepo, n'kuimanso.

"Vashti," anatero Helen ali pa benchi yakutsogolo, mokweza, osatembenuka kuyang'ana aliyense. "Azakhali awo a agogo anga. Pitiriza."

Chiukepo anapitiriza.